Zibowo za pa Lamba wa a Gilford

Pa 1 Januwale amuna anga a Gilford analengeza kuti asiya tchipisi cha pachiwaya, zigege, mang'ina ndi zoziziritsa kukhosi zonse. Ine ndinangoti chabwino. Chaka chatha analengezanso zomwezo, koma pa 4 ndinawapezerera kuseri kwa shopu yawo yowotcherera ku Biwi, kukamwa kuli noninoni.

Ulendo uno anali ndi mantha. Mu Disembala anachita chizungulire ali pamakwerero, ndipo kuchipatala anawauza kuti BP yakwera, shuga nayenso ali pakhomo. Ndiye analimbadi mtima. M'mawa tiyi wopanda shuga ndi mbatata yophika, masana nyemba ndi chisoso zimene ndinkawaikira m'kontena. Pofika Epulo mimba ija inali itaphwa, buluku likugwa. Anatenga msomali ndi hamala n'kuboola chibowo china pa lamba, ndipo pofika Juni zibowo zatsopano zinali zitatu.

Vuto la kuno ku Kawale n'lakuti munthu saonda mwadala. Mwamuna akaonda ndiye kuti akudwala, apo ayi mkazi wake akumumana chakudya. Kumpopi azimayi anayamba kundipatsa moni wa pamaliro. Mlamu wanga Jemima wa ku Area 23 atawaona ku tchalitchi sanafunse kanthu, anangoimba foni kwa amayi awo ku Dedza.

Loweruka la sabata yomweyo apongozi anatulukira ndi nkhuku, mbatatesi ndi botolo la mafuta ophikira. Anapeza mwana wawo akusamba, lamba ali pampando. Anamutenga, n'kuwerenga zibowo zija ndi chala.

“Amake Tina,” anatero kwa ine, “mwana wanga ndinakupatsani ali ndi thupi. Ngati kuphika kwakukanikani, nenani tiitane ankhoswe.”

Zinandiwawa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikuphikira munthu, lero ankhoswe. Ndinayesa kufotokoza za kuchipatala, koma iwo anali atalowa kale kukhitchini kwanga. Nkhuku ija anaikazinga mpaka inasambira m'mafuta, tchipisi mbale yodzadza, kenaka anapita okha pa okala kukagula botolo lozizira.

A Gilford anakhala patebulo, mbale ili patsogolo pawo. Ndinawaona akumeza malovu, poti miyezi isanu ndi umodzi si masewera. Ine ndinaima pakhomo. Akadya, ndiye kuti apongozi anena zoona, ndimawamana. Akakana, ndiye kuti ndawaphunzitsa kunyoza chakudya cha amayi awo.

“Idyani, bambo a Tina,” anatero apongozi. “Pano palibe wokuletsani.”

A Gilford anasamba m'manja, n'kupukuta pang'onopang'ono. Mbale sanaikhudze.

“Amayi, abambo anali ndi zaka zingati pamene anagwa kudimba?”

“Fifite thuu. Nanga zabwera bwanji?”

“Ine ndili ndi fote seveni. Adokotala akuti zimene zinawagwetsa zija ndili nazo.”

“Bambo anu anali ndi thupi labwino. Mudzi wonse unkasirira.”

“Eya. Koma zaka ziwiri munkawatembenuza pamphasa ndinu, kuwasambitsa ndinu, kuwamwetsa phala ndi supuni. Ine sindifuna mkazi wangayu Ennie adzanditembenuze. Sakundimana, amayi. Ndinamupempha ndine.”

Apongozi anayang'ana nkhuku ija nthawi yaitali, ngati aiona koyamba. Kenaka analankhula motsitsa mawu, osayang'ana aliyense.

“Bambo anu ndinkawasankhira nyama yonona. Ndinkati ndikuwasamala.”

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndinangowamvera chisoni. Ndinachotsa mbale ija mwakachetechete n'kubweretsa nyemba zimene ndinaphika m'mawa. Tonse atatu tinadya zomwezo. Nkhuku inapita kwa aneba, amene mpaka lero amandifunsa kuti apongozi abweranso liti.

M'mawa mwake ndinawaperekeza pasiteji. Njira yonse sanatchule za ankhoswe, ndipo kupepesa sindinayembekeze, ndimawadziwa. Minibasi itaima, anandigwira mkono.

“Akadzaboolanso lamba uja, mudzandiuze ndinu. Ndisadzamvere kwa Jemima.”

Ndinavomera. Pamene ankakwera ndinaona kuti m'chikwama mwawo muli botolo la mafuta lija, latheka. Anabwerera nalo ku Dedza.