Sizasi ya Amayi ndi Ndevu za Kamphaka

Chimwalirireni amuna awo, Amayi ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwana wawo wamwamuna, pamodzi ndi mashini osokera, sizasi imodzi ndi mphaka wamkazi amene malemuwo anasiya. Mphakayo ataswa, mpongozi wawo anasankhapo kamwana koyera n'kulonjeza kuti akapatsa abwana ake a ku ofesi.

Tsiku loti akatenge, anapeza ndevu za kamwanako zili zidutswazidutswa, mbali ina zitatheratu.

"Amayi, m'nyumba muno amene ali ndi sizasi ndani?"

"Ndine," anatero Amayi osadzutsa mutu pa mashini. "Ndinasowa chochita. Madiresi a anthu ali mbwee apa, ine ndati ayi, nditsegule kaye saluni ya amphaka."

Mpongozi sanaseke. Anatola sizasi ija, kuiponya m'chikwama, n'kutseka zipi. Akuti ibwera akavomera mlandu. Mwana wawo, amene Amayi anamubereka ali ndi pakamwa pabwinobwino, anangoyang'ana nsapato zake ngati wazigula lero.

Sizasiyo ndi yomwe malemu amuna awo aja ankawanolera Loweruka lililonse. Popanda iyo diresi la mwana wa aneba silikanadulidwa, ndipo ukwati wake sukanadikira. Amayi anayesa mpeni wa kukhitchini, nsalu inangowaseka. Koma kuvomera bodza? Bola kudula ndi mano.

Madzulo mpongozi anabweranso, chikwama paphewa, kudzaona ngati nkhalamba yafewa. Anawapeza maso ali pa katoni ya amphaka. Mphaka wamkulu anali atapanikiza kamwana koyera kaja ndi mwendo, akukanyambita kumaso. Kunyambita, kunyambita, kenako n'kuyamba kukukuta ndevu zotsalazo modekha, ngati pali amene akumulipira.

Nawonso Amayi anali asanaonepo zotere, koma sanafune kuti zidziwike.

"Ndi ameneyo wantchito wanga wa kusaluni, apongozi. Mulandeni mano muike m'chikwama."

Mpongozi sanagonje. "Mwina waonera kwa inu."

"Inde. Ndinayambira pa amuna anuwo ali khanda. N'chifukwa chake mpaka lero ndevu sizimera."

Amayi anakoka chikwama chija, kutsegula zipi okha, kutulutsa sizasi yawo n'kuipukuta pa siketi ngati inagwera m'ngalande. Kenako anayala nsalu ya ukwati patebulo.

Abwana aja anakana kamphaka kopanda ndevu. Kamagona pa zidutswa za nsalu, pansi pa mashini.