Nkhoswe ya Eluby

Chaka chija Azungu a ku Rhodesia anadzilengezera okha ufulu, Nedson anaima ngati nkhoswe paukwati wa mlongo wake Eluby, poti amalume onse anatsala ku Dedza. Komboni yonse ya mgodi wa ku Lalapanzi inamumva akulumbira: "Bamboyu akadzangokukwezera dzanja, dzuwa lisanalowe ndidzakhala nditakutulutsa m'nyumba mwake."

Panapita zaka khumi ndi ziwiri. Mlamu uja, Obadiya, anakhala kapitawo wa pansi, amene amatsogola ndi chitsulo kugogoda denga la mgodi, kumvetsera mwala wofuna kugwa. Ndiyenso ankagawa malo okumba. Nedson anali m'gulu lake.

Lamulungu lina masana anapeza Eluby pampopi akuchapa ndi dzanja limodzi, mlomo uli tupu.

"Ndinagwa, achimwene."

"Kugwa kosiya zala pakhosi? Kamange katundu."

Obadiya anali pakhonde kupukuta magambutsu, wailesi ikuwerenga magandanga, ankhondo a m'tchire omenyera ufulu, ophedwa sabata imeneyo.

"Alamu, ndabwera ngati nkhoswe."

"Nkhoswe!" Obadiya anaseka osadzutsa mutu. "Kwanu kuja mkamwini amadya m'munda mwa apongozi, ndiye mumamupirikitsa ngati galu. Kuno nyumba ndi ya mgodi, nambala ya pachitsekoyo ndi yanga. Mumutengera kuti? Njira ya kwanu yodzera ku Tete anatseka. Kapena m'chipinda chanu chija mumagonamo amuna asanu ndi atatu?"

"Ndikakunenezani kwa bwana wa komboni."

"Hamba, shamwari, pitani mukanene. Andichotse ntchito, adzukulu anuwo akagone kutchire ndi asilikali." Anaika gambutsu pansi. "Mawa ndikuikani ku namba faifi. Denga la kumeneko likulira ngati ng'oma yong'ambika, ndipo makutu angawa akukalamba. Mwala wina ndimatha kuuphonya."

Mwezi wathawo ndi Nedson amene ananyamula nawo mtembo wa mnzake Maliko, denga litamugwera, kuchokera ku namba faifi komweko, m'thumba, chifukwa panalibe poti agwire.

Eluby anatulukira kuseri kwa nyumba, kamtolo kali pamutu, mwana kumbuyo. Sanayang'ane mwamuna wake.

"Achimwene, tiyeni."

Akazi a nyumba zoyandikana anasiya kupeta. Ena mwa iwo anali paukwati paja.

Nedson anayang'ana fumbi la pansapato zake.

"Banja ndi kupirira, iwe Eluby," anatero. "Kabweze katunduyo."

Dzuwa linalowa Eluby ali m'nyumba mwa Obadiya.