Banga Lakuda pa Kansalu ka Amayi

Kwawo ankamutcha Dokotala wa Utsi, ndipo dzinali linayamba ngati chipongwe. Abale atamva kuti mtsikana uja tsopano ndi dokotala, anayamba kubwera ndi mano obooka ndi misana yowawa, koma anabwerera akung'ung'udza atauzidwa kuti udokotala wake ndi woyeza mpweya. Zaka makumi awiri zinatha iye akupachika timakina m'misewu, m'masukulu ndi m'makhitchini a eni ake, kufufuza tinthu takuda tosaoneka ndi maso timene munthu amakoka akamapuma. Analankhula m'misonkhano ikuluikulu, anthu a mataye akumuwombera m'manja. Munthu mmodzi yekha ndiye sanatekeseke nazo: mayi ake omubereka.

Mayiwo ankaphika pa mbaula ya makala m'kakhitchini kothinana kuseri kwa nyumba, chitseko chili chotseka kuopa ntchentche. Zenera linalipo, koma malemu bambo analikhomera misomali isanu ndi umodzi chaka chimene akuba analowerapo n'kusesa mapoto onse, ndipo chimwalirireni bambowo palibe ankaloledwa kulikhudza. Tsopano chifuwa chinali chitakhazikika mwa mayiwo. Kuchoka pa geti kukafika pa khonde mayi ankaima kawiri, akunamizira kuona maluwa. Mwana wawo ankaziona zonsezi ndipo ankachita mantha, chifukwa mapapo otere anali atawaona ambiri pa zithunzi za kuchipatala, ndipo ankadziwa kumene nkhani yake imathera.

"Amayi, utsiwu ukukupwetekani. Tizule misomaliyi, chonde."

"Utsi uti? Makala alibe utsi, iwe. Ndinakulera ndi mbaula yomweyi, ndipo taona mmene unanenepera."

Anawabweretsera mapepala a kafukufuku wake, mayi anayatsira moto. Anawagulira chitofu cha gasi, mayi anachiyalira nsalu n'kuikapo wailesi.

Loweruka lina m'mawa anafika ndi kabokosi kotuwa, kotalika ngati chikhatho, kokhala ndi kakamwa kozungulira kutsogolo. M'kati mwake munali kasefa ka pepala koyera mbee. Anakapachika pa khoma, molingana ndi mphuno ya mayi akakhala pa mpando wawo wophikira, n'kukayatsa. Kanayamba kulira chapansipansi ngati udzudzu.

"Masiku asanu ndi awiri basi, Amayi. Musakazimitse, musakasunthe."

"Nanga kamlendo kakoka kamadya chiyani?"

"Mpweya wokha."

"Bola kameneka kusiyana ndi ana a mlongo wako," anatero mayi, n'kutsokomola mpaka misozi.

Sabata itatha anapeza kabokosi kali pamalo pomwepo, kakulirabe, kakuwala ngati kangochoka m'sitolo. Munthu wa zaka makumi awiri pa ntchito akanayenera kudabwa pomwepo, koma mtima wake unali utathamangira kale ku labu.

Ku labuko kunali bambo wina wachikulire amene aliyense ankangomutcha a Sikelo. Ntchito yawo inali kuyeza tisefa tisanapite ndiponso tikabwerako, m'kachipinda kozizira kopanda zenera, pa sikelo yoti ngakhale nsidze imodzi imaiona. Kasefa sankakagwira ndi zala, koma ndi kopanira kachitsulo, ndipo woyetsemula m'chipindamo ankatulutsidwa ngakhale akhale pulofesa. A Sikelo anatsegula kabokosi, anayeza kamodzi, anapukuta magalasi awo, anayezanso kawiri.

"Adokotala, mayi anuwo amaphikira kuti? Pamwamba pa phiri?"

"Bwanji?"

"Taonani nokha. Mpweya wa muofesi ya abwana ndi wakuda kuposa uwu."

Kasefa kanali kongodetsedwa pang'ono, ngati kolala ya shati yovala theka la tsiku. Dokotala wa Utsi anakhala pansi. Makoma a khitchini ija anali akuda bii, maso ake omwe ankalasa akangolowamo, nanga izi zatheka bwanji? Kunama akanatha, mayi sakanadziwa. Koma pa ntchito yake yonse anali asanakhotetsepo nambala ndi imodzi yomwe, ndipo sakanayambira pa mayi ake. Tsiku lotsatira anapita kukaulula.

Anawapeza akusankha nyemba pa khonde.

"Amayi, makina aja akuti mpweya wa m'khitchini mwanu ndi wabwino."

"Eya! Ndinakuuza ine!" Mayi anaomba m'manja, nyemba zina n'kugwa. "Kamakina kako kali ndi nzeru kuposa mwini wake. Koma ngakhale kandiikira kumbuyo, ndili nako mlandu. Kandiwonongera nsalu."

"Nsalu iti?"

Mayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu koyera koluka pamanja, kokhala ndi nsalu ina yochindikala kunsi kwake. Mwana wawo anakazindikira msanga. Mayiwo anakaluka chaka chimene iye anamaliza maphunziro, ndipo kankatuluka m'kabati pokhapokha kukabwera alendo olemekezeka, kuti kavundikire makapu a tiyi. Pakati penipeni panali banga lakuda, lozungulira bwinobwino, lalikulu ngati chitsekero cha botolo.

"Unati ndisakazimitse, sindinakazimitse. Unati ndisakasunthe, sindinakasunthe. Koma chinthu cha kuntchito kwako ndikanachisiya chide ndi mwaye, anzako akati mayi ake ndi auve? Ndinachivundikira bwinobwino n'kumanga ndi kachingwe. Ndinachotsa nditamva galimoto yako pa geti. Tsono taona malipiro ake. Ndachapa kawiri, ndanyika usiku wonse, banga ili silikuchoka."

Dokotala wa Utsi anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa sitepe, atagwira m'mimba, misozi ikuyenderera. Pa zolakwa zonse zimene analemba m'buku lophunzitsira ofufuza atsopano, za batire lakutha, za mvula, za ana osewera ndi mabatani, panalibe tsamba lonena za mayi waukhondo.

"Ukuseka chiyani? Nsalu yanga yatha apa!"

"Amayi, kamakina kaja kamapuma ngati munthu. Kamakoka mpweya pa kakamwa kaja. Inu munakatseka pakamwa ndi nsaluyi, ndiye zonse zimene zikanalowa m'kati zinatsalira apa." Analoza bangalo. "Ndipo kamakoka pang'ono chabe. Inu mumakoka wochuluka kuposa pamenepa."

Mayi anayang'ana bangalo nthawi yaitali, analikanda ndi chikhadabo, kenaka anaika kansaluko pakamwa pawo n'kukoka mpweya, kansalu n'kumamatira pa milomo. Anakachotsa pang'onopang'ono.

"Sabata imodzi yokha?"

"Imodzi yokha, Amayi."

"Ine pampando paja ndakhalapo zaka makumi anayi." Anadzigwira pachifuwa. "Ndipo muno mulibe polowetsa sopo."

Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Hamala ya bambo ako ili pansi pa bedi langa," anatero mayi. "Katenge."

Misomali inali itachita dzimbiri ndipo iliyonse inatuluka ikulira. Mayi anaima pambali atatambasula dzanja, akulandira umodziumodzi, osalola ndi umodzi womwe kugwa pansi. Zenera linakanirira kaye, kenaka linatseguka ndi phokoso, fumbi ndi akangaude akale n'kugwera pa mbaula. Mphepo inalowa ndi fungo la mandimu a kwa aneba, ndipo kuwala kunafika pa khoma limene linali lisanaone dzuwa chibadwire zidzukulu.

Mayi anayang'ana misomali ili m'dzanja lawo. "Bambo ako ankaopa wakuba wolowera pa zenera," anatero motsitsa. "Sanadziwe kuti wina anamutsekera m'kati momwe muno, ndi ine." Anaiika m'thumba la diresi n'kulisisita.

Mwana wawo anapukuta m'maso ndi mkono, akunamizira fumbi. "Kansaluka mundipatse, Amayi. Ndikakaonetse ophunzira anga."

"Ayi, kameneka ndi kafukufuku wanga. Mawa ndikukayamba ndi aneba awa, amaphikira m'chipinda chogona. Iwe ukachotse wailesi pa chitofu chako chija, undionetse poyatsira." Anakokera mpando wawo pafupi ndi zenera, anakhala, n'kupuma mpweya wautali umene sunathere m'chifuwa. Kenaka anamuyang'ana mwana wawo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Komatu iwe, sukulu yonse ija, zinthu zoopsa chonchi osandiuza mayi ako?"