Tsiku Limene Anatsuka Mtsinje

Achule anasiya kulira chaka chimene mwana wa Nankhawa anabadwa, ndipo amene anazindikira ndi Nankhawayo yekha. Dzinali anamupatsa ndi anzake ochapa nawo, poti chilichonse ankayamba wachinunkhiza asanachipereke kwa mwana.

Mtsinjewo unkachokera kuminda, n'kudutsa kuseri kwa mpanda wautali wa fakitale, kulowa pansi pa mlatho, kenako n'kufika pamiyala pomwe amayi a m'nyumba za lendi ankachapira ndi kutunga. Kale madzi ake anali obiriwira, onunkha ndere. Tsopano anali mbee, ngati a m'botolo.

"Mulungu watikumbukira," ankatero apongozi ake. "Ngakhale udzudzu wasamuka."

Koma khanda linali ndi zidzolo m'khosi ndi m'mphechepeche, zosamva mafuta alionse.

Uthenga utafika woti kukubwera woyeza madzi, apongoziwo, omwe mawu awo ankamveka kwambiri pochapira, anasonkhanitsa amayi onse.

"Mlendo sapeza pabwalo posasesa. Akaona uve atitsekera, ndiye matewerawo muzikachapira m'kapu?"

Anatola majumbo ndi mabotolo. Mwala uliwonse anautembenuza n'kuukwecha ndi burashi, kunsi ndi kumwamba, ndipo wina anathiramo klorini kuti pamveke kafungo ka kuchipatala. Nankhawa anamugawira pansi pa mlatho. Atangolowa mumthunzimo, mwana kumsana anauma thupi n'kuyamba kulira. Munalibe kangaude, munalibe ntchentche, madzi okha akudutsa mwakachetechete. Anatuluka chafutambuyo, burashi ili youma.

Woyeza madzi anafika m'mawa mwake, dzuwa litakwera. Anali mayi wamfupi wovala jombo, atanyamula beseni loyera ndi kaukonde. Anatunga madzi m'timabotolo, kenako analowa mumtsinje n'kuyamba kutembenuza miyala.

"Mwataya chani, achemwali?" anafunsa wina. "Ngati ndi mwamuna, kumeneko tinayang'ana kale."

Woyezayo anaseka pang'ono. "Ndikufuna tizilombo tokhala pansi pa miyala. Madzi a m'botolo amangondiuza za lero. Tizilomboti timagona muno, timadziwa za miyezi yonse."

Anatembenuza mwala, n'kutembenuza wina. Wachitatu anaununkhiza.

"Mwatsuka?"

"Uliwonse," anayankha apongozi, chifuwa patsogolo. "Ife si auve."

"Mwandifufutira umboni, amayi. Ndikapeza popanda kanthu, ndidziwa bwanji ngati wapha ndi madzi kapena ndi burashi yanu? Ndidzabweranso mvula ikatha."

Mvula inali isanayambe n'komwe. Nankhawa anamva kamutu kotentha ka mwana kakudzikhula kumsana kwake, kufuna pokandira. Anaganiza za ndowa imene anali atatunga m'mawa, ikudikira pakhonde.

"Pansi pa mlatho sindinatsuke," anatero. Mawu anatuluka aang'ono.

Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ulesi wako lero wapeza ntchito."

Nankhawa ndi woyezayo analowa mumthunzi muja. Miyala ya kumeneko inali yoterera. Woyezayo anatukula umodzi n'kuupendeketsa kowala. Kunsi kwake kunamatirira timachubu tating'ono ta mchenga, tambirimbiri, tondondozana ngati nyumba za lendi.

"Si izi nanga," ananong'oneza Nankhawa. "Tilipo."

"Izi ndi nyumba chabe. Kachilombo kamamanga kokha, kamchenga kamodzikamodzi."

Anafinya kachubu kamodzi ndi chikhadabo. Kanaphwanyika, mulibe kanthu. Anafinya kena, n'kufinya kenanso. Anakokola pansi ndi kaukonde n'kukhuthulira m'beseni. Munagwa zigoba za nkhono, zoyera, zopepuka. Onse awiri anadikira kuti china chigwedezeke. Mchenga unakhazikika, madzi anadekha, m'beseni munangoti zii.

"Ndikanapeza nyongolotsi zofiira, ndikanati ndi zimbudzi," anatero woyezayo. "Zija zimapirira uve uliwonse. Muno ngakhale zimenezo mulibe."

Anaweramuka n'kuyang'ana kumtunda. Pansi pa mpanda wa fakitale, pakati pa bango louma, panatulukira kapaipi kakuda. Kankadontha madzi oyera bwino, opanda thovu, opanda fungo.

Woyezayo anatuluka m'madzi msanga, n'kusamba m'manja ndi madzi akumwa a m'chikwama chake. Kenako anafunyulula kansalu pakhosi pa mwana, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mumamusambitsa ndi amenewa?"

"Eya."

"Chimene chilimo sindikuchidziwa, mabotolo akandiuza. Koma inu musadikire mabotolo. Lekani lero, ndipo mwanayu akamuone kuchipatala."

Atafika kunyumba, Nankhawa ananyamula ndowa ija pakhonde.

"Madzi oyera chonchi," anatero apongozi, amene ankamutsatira. "Mjigo uli kutsidya kwa msewu waukulu, mwana iwe. Uzikafika tsiku lililonse?"

Nankhawa anakhuthula ndowa pabwalo. Madzi anayenda pang'onopang'ono pafumbi mpaka anadula mzere wa nyerere zimene zinkalowera kukhitchini. Zakutsogolo zinafika m'mphepete mwa chinyontho, zinaima, zinagwedeza tinyanga. Kenako mzere wonse unabwerera kumene unachokera.

Nkhuku ya aneba inathamangira madziwo monga mwa masiku onse. Inaweramitsa mutu, inayang'ana ndi diso limodzi, n'kuchoka.

Apongozi anaima pamenepo akupukuta zikhatho zawo zosupuka pansalu. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi zigubu ziwiri zopanda kanthu. Chachikulu anasenza okha.