Madzi Aima pa Mlatho

Katundu wambiri anali atakwera kale mu lole pamene achimwene anandifunsa komwe kuli nyumba yomwe tikusamukira.

"Kumunsi kwa damu, mukangowoloka mlatho."

Anatula bedi pansi. Achimwenewo ndi injiniya, ndipo ntchito yawo masiku ano ndi damu lomwelo: amaligumula pakompyuta kuti aone komwe madzi angafike litaphulikadi. Anatsegula laputopu pamwamba pa firiji, pabwalo pomwepo.

Ine mtima unali m'mwamba. Chikwatiwireni ndakhala kwa apongozi, m'kachipinda kamodzi, ine, bambo a mwana ndi mwanayo. Ngakhale mchere ndimathira mochita kupempha.

"Ndilozere," anatero achimwene. Ndinaloza denga lake pamapu.

Anadina. Damu linang'ambika, madzi abuluu n'kuyamba kukwawa m'chigwa. Atafika pa mlatho anaima. Panatuluka malemba ofiira.

"Kompyuta yafanso! Nthawi zonse pamlatho pomwepa. Ikuti madzi atalika kuposa phiri."

"Ndiye atimiza?"

"Ayi, yasokonezeka masamu. Ndiichepetsere liwiro, iziwerengera pang'onopang'ono."

Madzi anayambiranso kudamu, ulendo uno ngati nkhono. Mwana anayamba kulira kumsanaku. Dalaivala analiza hutala.

"Mayi, lole si nyumba yalendi!"

Pamlatho, malemba ofiira.

Achimwene anawonjezera mizere yoyezera mtsinje, akuti inatalikirana kwambiri. Anasintha kukula kwa mpata wogumukawo. Anatukwana mnzawo amene anayeza mlathowo, anatukwananso kompyuta. Malemba ofiira.

"Achimwene, chovuta si mlathowo? Uchotseni."

Anandiyang'ana, n'kuufufutadi. Madzi anadutsa bwinobwino, n'kulambalala nyumba ija. Denga langa louma! Ndinaomba m'manja.

"Usavine, iwe. Limeneli ndi bodza. Mlatho ulipo. Mitengo ndi zinyalala zikatseka pansi pake, madzi adzafuna njira ina, ndipo sindikudziwa kuti adzakhotera kuti."

"Damulo likugumuka liti?"

"Mwina silidzagumuka n'komwe."

"Ndiye ndilowe?"

"Sindinatero."

"Ndisalowe?"

"Sindinateronso. Undipatse sabata."

"Sabata! Mwininyumba wati tikapanda kulowa lero apatsa wina. Sukulu yonse ija munapita m'malo mwa tonsefe, yankho lake n'kuti sindinatero?"

Achimwene anabwezera mlatho, n'kudinanso. Ndinafunsa ngati iwo angagoneke ana awo m'nyumba imeneyo. Anapukuta thukuta, maso ali pamadzi aja akukwawira kumlatho.

"Anga ayi."

Dalaivala anali atatsika, manja m'chiuno. Ndinamuyang'ana mwana, wagona, tsaya lili paphewa langa.

"Tsitsani," ndinatero.

"Zonse?"

"Zonse."

Apongozi anali pakhomo nthawi yonseyi, akutola ulusi pa juzi yawo.

"Firijiyo muibwezere pomwe inali, mayi a mwana," anatero. "Koma mupukute kaye pansi pake."