Timalemba Timene Alamu Anafufuta

Achemwali anga anabwera kuchokera ku koleji maso ali psuu. Anangodziponya pampando osavula ndi nsapato zomwe.

"Andibwezera kafukufuku wanga," anatero. "Akuti ndaba zithunzi. Ndikapanda kukonza msanga, chaka chino sindimaliza maphunziro."

Ine kukamwa kunangoti yasa! Kuba? Achemwali, munthu woti akabwereka singano amabweza ndi ulusi womwe? Zaka zonsezi akhala akuphunzira unamwino mwana ali kumsana, ndiye zithere pamenepa?

Amuna awo, alamu anga, anatuluka m'kachipinda kawo kojambulira. Iwo ntchito yawo ndi kukongoletsa zithunzi za anthu pa kompyuta. Chiphuphu amachotsa, thukuta amapukuta, mpaka mwini chithunzi kudziiwala.

"Zithunzi zake ziti?" anafunsa. "Za mapapo zija? Si zaulere zija? Ine ndinachita kuzitsuka bwinobwino. Pansi pake panali timalemba tosokoneza, ndinatifufuta tonse."

Ndinathamanga kukaitana aneba athu, mayi wogwira ntchito ku laibulale ya kolejiyo. Atatsegula tsamba la pa intaneti pamene achemwali anatenga zithunzizo, anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Bambo, mwafufuta chilolezo chenichenicho!"

"Chilolezo?"

"Taonani apa. Ili ndi dzina la amene anajambula. Zilembo izi, CC BY, zikutanthauza kuti mwiniwake walola aliyense kugwiritsa ntchito chithunzichi kwaulere, ngakhale kuchisintha. Iye wangopempha kuti mumutchule. Mukachotsa dzina lake, anthu ayesa kuti munajambula ndinu."

Alamu anakhala pansi. "Ine ndimayesa ndi litsiro," anatero ndi mawu otsika. Ndinawamvera chisoni, ngakhale mumtima ndinali nditawakwiyira zedi.

Aneba aja analoza chithunzi china, cha mwana akutsokomola. "Nanga ichi, chilolezo chake chili kuti?"

"Chimenecho ndinangochipeza pofufuza," anayankha achemwali. "Chinali poyera."

"Aa, amayi! Zovala zanga pachingwe panjapo nazonso zili poyera, koma simungazivale. Chopanda chilolezo, pemphani kwa mwiniwake kapena chisiyeni."

Achemwali anagwira mutu. Anali asanamvepo zimenezi chiyambire.

Mayiwo anawaonetsa mmene angafufuzire zithunzi zokhazo zimene eni ake analoleza, ndipo anapeza china chabwino kuposa cha mwana chija. Pansi pa chithunzi chilichonse achemwali analemba dzina la chithunzicho, dzina la wojambula, tsamba limene anachitenga ndi mtundu wa chilolezo. Pa zimene alamu anadula m'mbali, anawonjezera kuti zasinthidwa. M'mawa mwake anakafotokozera aphunzitsi awo zonse, osabisa kanthu, ndipo kafukufukuyo analandiridwa.

Tsiku lolandira digiri, alamu anajambula akazi awo atavala mkanjo. Atatsuka chithunzicho, pansi pake panali dzina la alamuwo monga wojambula, m'zilembo zikuluzikulu zooneka ndi patali pomwe.

"Alamu, kalitsiro aka tifufute?" ndinawaseka.

"Yerekezani muone!" anatero.

Tonse tinafa nacho chiseko, koma achemwali anagwetsa misozi. Anangotsala pang'ono kutaya chaka chathunthu chifukwa cha timalemba tija.

Inu amene mukuchita kafukufuku, musanatenge chinthu pa intaneti yambani mwaona chilolezo chake. Ngati mwiniwake walola, chigwiritseni ntchito momasuka, koma dzina lake lisachoke.