Maluwa a Bambo wa Shopu Yaikulu

Ndinalota ndili mu filimu yachikondi imene mwana wanga Tadala anandikakamiza kuonera, ya mayi wa kagolosale. Koma golosaleyo inali yanga, ya pamsika pathu pano. Bambo amene anatsegula shopu yaikulu n'kundilanda makasitomala analowa atanyamula maluwa onunkhira ngati sopo. Mvula inayamba kugwa m'kati mwenimweni, yofunda ngati tiyi. Iye n'kugwada. Anthu akuwomba m'manja, mbuzi zikudya mabanzi anga, ine ndikukuwa kuti, "Vindikirani shuga!" Palibe amene anandimva.

Nditamufotokozera Tadala, anaseka. "Amayi, ndiye kuti mumawakonda bambo aja."

Zamkutu! Chikondi chanji chogwada shuga akusungunuka? Koma chimene chikundinyansa n'chakuti maluwawo ndinalandira, ndi manja awiri.